Kavalo amene anasiya kutsimphina mtsempha usanapole: lipoti la miyezi 13

Kavalo wa m'lipotili ndi wamkazi, wa zaka 9, wolemera makilogalamu pafupifupi 500. Ntchito yake inali maulendo a m'tchire ndi kudumpha zotchinga zazifupi kumapeto kwa sabata. Omukwera ndi awiri: mwini wake, mayi amene akhala pamsana pa akavalo kwa zaka zambiri, ndi mwana wawo wamkazi wa zaka 14. Ine ndine dokotala wa ziweto, ndipo ndamutsatira kuchokera sabata imene anavulala. M'miyezi yonseyi funso linali limodzi: "Adokotala, tsopano tingamukwere?" Yankho langa loyamba linali loperewera, ndipo kuperewerako kunatidyera masabata angapo. Ndalemba zonse mmene zinayendera.

Mmene anavulalira

Kwa masabata asanu kavaloyu sanagwire ntchito yolemetsa chifukwa mayiwo anali atatanganidwa. Tsiku lina Loweruka anapita naye kutali limodzi ndi anzawo, ndipo pobwerera anamuthamangitsa liwiro lonse pamchenga wakuya. Anafika kukhola akuyenda bwinobwino. Kutacha, mwendo wakutsogolo wakumanzere unali utatupa kumbuyo kwa fupa la msongolo, pakati pa bondo ndi mfundo ya pamwamba pa chiboda, ndipo unali wotentha. Mayiwo anamupatsa phenylbutazone, mankhwala opha ululu amene eni akavalo amangowatchula kuti bute, omwe anatsala pa vuto lina lakale. Ine anandiimbira Lolemba.

Zimene ndinapeza

Kutentha kwa thupi kunali madigiri 37.9, mtima unkagunda ka 36 pa mphindi, kupuma ka 12. Zonsezi zinali m'malire a kavalo wamkulu wathanzi amene wangoima: madigiri 37.5 mpaka 38.5, mtima ka 28 mpaka 44, kupuma ka 8 mpaka 16. Udzu ankadya bwino.

Poyenda pang'onopang'ono kutsimphina sikunkaoneka kwenikweni. Ndinapempha kuti amuthamangitse trot (liwiro lochepa longoposa kuyenda) pang'ono chabe, chifukwa mwendo wotupa motero suyenera kuyesedwa kwambiri. Mutu unkakwera mwendo wakumanzere ukamaponda, n'kutsika wakumanja ukamaponda. Umo ndi mmene kavalo amapeputsira mwendo wakutsogolo umene ukumupweteka. Pa muyeso wa AAEP, bungwe la madokotala a akavalo la ku America, umene umayambira pa 0 kulekeza pa 5, ndinamuika pa 3: kutsimphina koonekera nthawi zonse pa trot. Apa n'kuti ali ndi bute m'thupi.

Chiboda ndinachipana ponseponse ndi chopanira, osasonyeza ululu. Koma ziboda zonse zakutsogolo zinali zitatalika kunsonga, zidendene zili pansi. Wosema ziboda anali atatha masabata 9 osabwera. Nditanyamula mwendo n'kutsina mtsempha wakumbuyo, unali wonenepa ndi wofewa pakati, ndipo kavaloyo anakoka mwendo mwamphamvu.

Mtsempha umene ndikunena pano si wa magazi. Ndi chingwe cholimba chochokera ku mnofu wa pamwamba pa bondo, chotsika kumbuyo kwa msongolo mpaka kumafupa a pamwamba pa chiboda. M'mabuku athu timaulemba mwachidule kuti SDFT. Kavalo akamathamanga, mfundo ija imatsikira pafupi ndi nthaka, mtsemphawu n'kutamuka ngati mphira wa legeni, kenako n'kubweza mphamvuyo mwendo ukamanyamuka. Pa liwiro lalikulu umatamuka mpaka kufika pafupi ndi poduka. Miyendo yakutsogolo imasenza pafupifupi 60 peresenti ya kulemera kwa kavalo, ndiye mukaonjezapo minofu yotopa yosazolowera ntchito, mchenga womeza phazi ndi ziboda zazitali, ulusi wa m'kati mwa mtsempha umayamba kuthothoka.

Sikani, kujambula m'kati mwa mtsempha ndi makina, ndinaichita pa tsiku lachisanu ndi chimodzi, chifukwa m'masiku oyamba bala limakhala likukulabe ndipo chithunzi cha msanga chimatha kulichepetsa. Pakati pa mtsempha panali dzenje lakuda lotenga pafupifupi kota ya kunenepa kwake, lotalika masentimita pafupifupi 6. Mwendo wakumanja ndinaujambulanso, popeza vutoli limakonda kubisala ku miyendo yonse iwiri. Unali bwino.

Ndinalamula kuti akhale m'khola, mwendo uzithiridwa madzi ozizira mphindi 20 katatu pa tsiku, bandeji ku miyendo yonse yakutsogolo, bute kwa masiku asanu okha, chakudya cha mbewu chichotsedwe atsale ndi udzu wouma wambiri, ziboda zisemedwe. Kuyambira sabata yachiwiri azimuyendetsa pachingwe mphindi 10 kawiri pa tsiku pamalo olimba ndi osalala. Pansi pa pepalalo ndinalemba kuti: "Asakweredwe mpaka atachira." Miyezi ndinaitchula pakamwa, mothamanga, ndikulongedza makina. Pa pepala sindinailembe.

Sabata yachisanu

Foni inalira m'mawa. "Adokotala, ndili ndi mlandu. Ndamukwera."

Nkhani yake inali motere. Pofika sabata yachitatu kutsimphina kunali kutatheratu, kutupa kutaphwa, mwendo utazizira. Kavaloyo anali atatopa nalo khola: kumenya khoma, kuzungulira, kuluma chitseko. Mayiwo anapitiriza kumupatsa bute pang'ono tsiku lililonse, poganiza kuti akuthandiza kutupa. Anamukwera kawiri, mphindi 15, kungoyenda basi, ndipo palibe chinachitika. Ulendo wachitatu mbalame inavumbuluka patchire, kavaloyo anadzidzimuka, anadumphira pambali n'kuthamanga kamtunda ndithu asanamugwire. Mayiwo sanagwe, koma anatsala pang'ono. M'mawa mwake mwendo unali wotentha.

Sikani inaonetsa kuti dzenje lija latalika, ndipo mtsempha wanenepa kupitirira gawo limodzi mwa magawo khumi poyerekeza ndi muyeso woyamba. Kunenepa kofika pamenepo pakati pa masikani awiri timakutenga ngati chizindikiro chakuti mtsempha wapatsidwa katundu woposa mphamvu yake.

Sindinawakalipire. Pa za kukwera, iwo anachita zimene pepala langa linanena. Kwa munthu aliyense woona ndi maso, kavalo wosatsimphina, wosatupa, wofuna kuthamanga, ndiye kuti wachira. Ine ndinkadziwa kuti kutsimphina kudzatha m'masabata awiri kapena atatu ndiponso kuti kutha kwakeko sikudzatanthauza kanthu, koma sindinawachenjeze. Tsiku limenelo tinakhala pansi pakhomo pa khola, ndinawafotokozera mosapsatira.

Ululu wa mtsempha wovulala umachokera makamaka m'kutupa kwa masiku oyamba. Kutupako kukaphwa ululu umapita nako, koma dzenje likadalipo. M'masabata otsatira thupi limalidzaza ndi ulusi watsopano wa collagen (chomangira chachikulu cha mtsempha) wa mtundu wachitatu, wopyapyala, wogona mopingasapingasa ngati ubweya wopiringizana. Pamafunika miyezi yambiri kuti ulusiwu ulowedwe m'malo ndi wa mtundu woyamba, wolimba, ndiponso kuti ugone motsata utali wa mtsempha. Chimene chimauwongola ndi katundu wochepa woonjezedwa pang'onopang'ono. Kavalo wongoima m'khola miyezi yonse amapola ndi chipsera chofooka, ndipo wofulumizidwa amang'ambikanso. Ngakhale zonse zitayenda bwino, chipseracho sichitamuka ngati mtsempha wobadwa nawo, n'chifukwa chake kuvulala kwachiwiri kumakonda kuchitika m'malire mwa chipsera ndi mtsempha wabwino. Kuti kavalo wotere abwerere ku liwiro, timawerengera miyezi 9 mpaka 12, nthawi zina kuposerapo. Pakati pa sabata yachitatu ndi mwezi wachisanu ndi chinayi pali nthawi yaitali imene kavalo amaoneka wabwinobwino, iyenso amadzimva wabwinobwino, koma mwendo sungasenze zimene mtima wake ukufuna.

Za bute ndinalankhula mwamphamvu. Mankhwalawa ndi abwino pa nthawi yake, koma akamaperekedwa masabata ambiri amatha kuyambitsa zilonda m'mimba ndi m'matumbo, ndiponso kuvulaza impso. Choopsa china n'chakuti amatseka pakamwa pa mwendo. Kutsimphina ndi kutentha ndi njira zimene mwendo umalankhulira nafe, ndipo sindinganene kuti kavalo ndi woyenera kukweredwa ngati ndamuona ali pa mankhwala opha ululu. Ndimafuna papite masiku atatu kapena kuposerapo osamwa mankhwala otere ndisanamuyeze.

Mayiwo anafunsa funso labwino: "Nanga ngati maso anga sangandiuze, ndidziwa bwanji?" Tinagwirizana kuti chilolezo chizichokera ku sikani, ndipo ntchito yawo ikhale ya manja: m'mawa uliwonse, asanamutulutse, azitsitsa dzanja kumbuyo kwa miyendo yonse iwiri yakutsogolo, kuyerekeza kutentha ndi kunenepa, n'kulemba m'kabuku. Manja sangapereke chilolezo chopita patsogolo, koma angaletse. Masabata tinayambanso kuwerenga kuchokera pa 1, ndipo ulendo uno ndondomeko yonse ndinailemba, sabata ndi sabata, ndi masiku a sikani.

Miyezi yoyenda pachingwe

Gawo ili ndi lotopetsa ndipo ndilidutsa mwachangu. Tinayamba ndi mphindi 10 kawiri pa tsiku, n'kumaonjezera mphindi zisanu pakatha masabata awiri, mpaka anafika pa mphindi 40. Wosema ziboda ankabwera masabata asanu alionse. Sikani ya mwezi wachitatu inaonetsa dzenje likudzaza. Ya kumapeto kwa mwezi wachisanu inaonetsa kuti kuda kwatha, ulusi wayamba kugona mizeremizere, ndipo mtsempha sunanenepenso.

Vuto lalikulu la miyeziyi linali mutu wa kavaloyo. Nyama yolengedwa kuti iziyenda tsiku lonse ikatsekeredwa, mphamvu imaunjikana, ndipo kavalo wofatsa amatha kusanduka woopsa. Kawiri konse anaima ndi miyendo yakumbuyo ali pachingwe. Tinamusamutsira m'kakhola kapanja kakang'ono kosakwana kuthamangamo, momwe ankaona akavalo anzake, udzu tinauika m'neti ya timabowo ting'onoting'ono kuti azidya nthawi yaitali, ndipo kwa masabata awiri ndinamupatsa acepromazine, mankhwala ofatsitsa, pang'ono asanatuluke. Womuyendetsa ankavala helimeti ndi magolovesi. Mtsikana uja ndinamuletsa kugwira chingwe. Analira, ndipo zinandikhudza, koma kavalo wa makilogalamu 500 akatsika kuchokera m'mwamba sasankha pogwera.

Tsiku loyamba pamsana

Sikani ya mwezi wachisanu inayankha za mwendo wokha. Funso la mayiwo linali lalikulu kuposa mwendo, chifukwa pamsana pa kavaloyo pakhala munthu. Choncho pakati pa sikaniyo ndi kukwera ndinaikapo masiku khumi.

Masiku amenewo ankayenda pachingwe atavala chishalo, lamba wa pamimba akumangidwa pang'onopang'ono, zopondera zikulendewera kuti azolowerenso kugundidwa m'nthiti. Acepromazine anali atasiya kalekale. Pali madokotala anzanga amene amalola kukwera kavalo wopatsidwa mankhwala ofatsitsa pang'ono, ndipo ndimamvetsa chifukwa chake, koma ine sindilola: kavalo woledzera ndi mankhwala amapunthwa mosavuta, ndipo akadzidzimuka amadumphabe, ali wosakhazikika pamiyendo. Ngati sangayende modekha popanda mankhwala, nthawi yokwera sinakwane.

Pa tsikulo ndinayamba ndi zimene ndimayamba nazo pa kavalo aliyense: kutentha kwa thupi, mtima, kupuma, nkhama zofiirira bwino ndi zonyowa, udzu wa usiku watha, ndowe zili bwino. Miyendo yonse inayi inali yozizira. Pa trot, pamzere wowongoka pamalo olimba, mutu sunagwedezeke. Ndinasisita msana ndi zala mbali zonse, sanabenduke. Ndinamuzungulitsa pamalo ochepa, ndinamubweza chammbuyo, ndinakoka mchira wake chammbali akuyenda kuti ndione ngati akudziwa pamene mapazi ake akuponda. Kuyeza kumeneku sindikudumpha ngakhale vuto litakhala la mtsempha, chifukwa kavalo wotsimphina amavulaza mwendo wake, koma wosadziwa poponda amagwa ndi munthu yemwe.

Malo ndinasankha ine: bwalo lotchingidwa ndi mpanda, lolimba, losaterera, lopanda mchenga wakuya. Tsiku limene tinapangana poyamba kunali mphepo yamphamvu youlutsa zinthu, ndipo kavaloyo makutu anali njo, akupumira m'mwamba. Tinasiya. Mayiwo anakhumudwa, popeza anali atadikira miyezi isanu, koma anavomera okha kuti tsiku lotero ngakhale kale sankamukwera momasuka. Patapita masiku awiri kunja kunali bata. Tinamuyendetsa kaye pachingwe mphindi 20, kavalo wina wokalamba ndi wofatsa ataima pafupi. Mayiwo, atavala helimeti, anakwera kuchokera pa chokwererapo kuti asakoke msana, ine nditagwira chingwe. Anayenda mphindi 10, mizere yowongoka ndi makona otambalala. Anatsika. Madzulo ndi m'mawa mwake mwendo unali wozizira.

Kulemera kwa wokwera ndinakuwerengeranso. Muyeso umene ambiri timatsata ndi wakuti munthu ndi chishalo asapitirire 20 peresenti ya kulemera kwa kavalo, ndipo kwa kavalo amene minofu yake yaphwa ndimafuna zichepere pamenepo. Mayiwo anali pansi pa muyesowo. Mtsikanayo ndi wopepuka kuposa mayi ake, ndipo ananena yekha kuti iye ndiye woyenera kuyamba. Ku mwendo zinali zoona. Koma kavaloyo akanadumpha monga anachitira pa sabata yachisanu, pankafunika munthu wodziwa kukhazikika ndi kumubweza msanga. Mtsikanayo anayamba kukwera patapita masabata ena asanu ndi limodzi, mayi ake atagwira chingwe.

Zododometsa ziwiri

Trot tinaiyamba m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, mphindi ziwiri zokha patsiku, n'kumaonjezera pang'ono sabata iliyonse. Tisanapite patali, m'mawa wina kavaloyo anasiya udzu, akutsokomola, mamina akutuluka, thupi lili pa madigiri 39.3. Akavalo ena awiri a pamalopo anadwalanso. Kutenthako kunatenga masiku awiri. Pa tsiku lachinayi anali akudya ndi kusewera, ndipo funso lija linabweranso. Pa matenda a mavairasi a m'njira yopumira, monga chimfine cha akavalo, lamulo lathu ndi sabata imodzi yopumula pa tsiku lililonse la kutentha thupi, ndipo isachepere masabata atatu, chifukwa khungu la m'kati mwa njira yopumira limatenga masiku pafupifupi 21 kuti limerenso. Kavalo wogwiritsidwa ntchito nthawiyi isanakwane amatha kugwidwa ndi chibayo, ndipo nthawi zina mnofu wa mtima umakhudzidwa. Ulendo uno mayiwo ananditsogolera okha: "Ndiye kuti ndi zomwe zija, akuoneka bwino koma m'kati simunapole." Anapumula masabata atatu, ndipo pobwerera tinayambira pa ntchito imene anali nayo masabata awiri asanadwale.

Chachiwiri chinandivuta kwambiri. M'mwezi wachisanu ndi chinayi mayiwo anadandaula kuti kavaloyo "wayamba mwano". Pomanga lamba ankatembenuka kufuna kuluma, ndipo pa trot ankakana kupita patsogolo. Mtima wanga unathamangira ku mtsempha, koma sikani inali yabwino, ndipo pachingwe sankatsimphina m'pang'ono pomwe. Ndinawapempha kuti akwere ine ndikuonerera. Ndinagwiritsa ntchito mndandanda wa dokotala wa akavalo wa ku Britain, Sue Dyson, umene iye ndi anzake anausindikiza mu 2018. Uli ndi makhalidwe 24 a kavalo wokweredwa, ndipo akaoneka 8 kapena kuposerapo, mwayi ndi waukulu kuti pali ululu penapake m'minofu kapena m'mafupa. M'mphindi 10 ndinawerenga 9, kuphatikizapo makutu ogonera kumbuyo kwa nthawi, kutsegula pakamwa mobwerezabwereza, kukupiza mchira mwamphamvu, kupendeketsa mutu, kuonetsa choyera cha m'diso ndi kusinthasintha liwiro. Titachotsa chishalo, mbali zonse ziwiri kumbuyo kwa mapewa kunali madera ouma pakati pa thukuta, opweteka powakhudza. Miyezi ya m'khola inali itaphwetsa minofu ya msana, ndipo chishalo chimene chinkamukwana kale chinali chitatsikira kutsogolo n'kumamutsina. Pa tsiku loyamba lija ndinayeza msana koma chishalo ndinangochiyang'ana pamwamba. Pa kuyenda kwa mphindi 10 sichinavute, chinadzavuta ntchito itakula. Katswiri wa zishalo anachikonza, kavaloyo anapumula masiku khumi, ndipo nditamuonereranso ndinawerenga makhalidwe atatu okha.

Akanapanda kundiitana, n'kutheka kuti mankhwala a "mwano" umenewu akanakhala chikwapu. Kavalo womva ululu pamsana akakakamizidwa, chotsatira chake kawirikawiri ndi kuponya munthu pansi.

Pamene tili lero

Canter, kuthamanga koposa trot koma kosafika pa liwiro lonse, inayamba m'mwezi wa 11, pamizere yowongoka ndi pamalo olimba bwino. Sikani ya mwezi wa 13 yaonetsa ulusi wogona bwino m'gawo lalikulu la chipsera, koma kumunsi kwake kuli kadera kamene mizere yake sinawongoke kwenikweni, ndipo mtsemphawo ndi wonenepabe pang'ono kuposa wakumanja. Kavaloyo akukweredwa masiku asanu pa sabata, mphindi 45, ndi mayi ndi mwana yemwe, ndipo wayambanso maulendo aafupi a m'tchire pa njira zimene mayiwo anayamba aziyendera wapansi kuti aone nthaka. Kabuku ka m'mawa kakulembedwabe.

Pa za kudumpha sitinagwirizane. Mtsikanayo akufuna kubwerera ku zotchinga, ndipo mayi ake akuona kuti chaka chathunthu chakwana. Ine ndakana pakadali pano, chifukwa potera kulemera konse kumagwera pa miyendo yakutsogolo, ndipo kadera kakumunsi kaja kali pamalire pomwe mitsempha yotere imakonda kung'ambikiranso. Liwiro lonse pamchenga wakuya ndawauza kuti aliiwale. Zotchinga tidzakambirananso pambuyo pa sikani ina, imene tapangana kuti ichitike pakatha masabata 12, kavaloyo atagwira ntchito ya canter nthawi yonseyo mwendo osatentha. Tsiku lake ndalilemba pa pepala, ndi mawu akuti ngakhale pamenepo yankho likhoza kukhala ayi.